Faifi Sauzande Yopanda Dzina

Anthu amati mayi wachikulire ngati ine asamasunge chakukhosi, akuti chimakalambitsa msanga. Zawo zimenezo. Ine changa ndinachisunga zaka khumi ndi zinayi, ndinkachithirira ngati dimba, ndipo tsiku lokolola litafika ndinakolola zonse. Amene ndinkamusungira anali mphunzitsi wanga wa sayansi ku sekondale. Dzina lake sinditchula, osati chifukwa chomupatsa ulemu, koma ana ake alipo ndipo sanandilakwire kanthu. Mukamva ndikumunena ngati ndikunena mnzanga musadabwe, ulemu wanga anautaya yekha.

Ndiyambe ndi ababa, poti nkhaniyi ndi yawo kuposa yanga. Ababa anali telala pa Namitambo. Ankasokera pakhonde la sitolo ya mnzawo wa kumzikiti, makina opalasa ndi mapazi, kofia yoyera kumutu, tepi ili lende m'khosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tepi imeneyo inali ya mbali ziwiri, uku mainchi, uku masentimita. Sukulu anaisiyira panjira, koma pa nambala palibe ankawapusitsa.

Ndili wamng'ono kunabwera mayi wina ndi nsalu ya khaki ndi kalata yochokera kwa amuna ake amene ankagwira ntchito kunja. Ankafuna akabwera pa tchuthi adzapeze thalauzi. M'kalatamo analemba kuti m'chiuno eyite. Ababa anaiyang'ana kalatayo nthawi yaitali.

"Eyite chiyani, mayi? Akakhala mainchi, ndiye kuti amuna anu anenepa kuposa nkhokwe. Akakhala masentimita, ndi munthu ngati ine ndemwe."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde. Atapita, ababa anandikoka khutu pang'ono monga ankachitira akafuna kuti chinthu chindilowe.

"Wamva, amayi? Nambala yopanda dzina usamaikhulupirire. Uziyamba waifunsa kuti iwe ndiwe wa chiyani."

Ankanditchula amayi chifukwa ndinatenga dzina la mayi awo. Mawu a nambala aja ankawanena kawirikawiri, kwa ine, kwa makasitomala, kwa aliyense wobwera ndi kapepala, moti anthu a pamsika anafika powaloweza.

Nditasankhidwa kupita ku sekondale, kumayambiriro kwa zaka za m'ma sevente, amalume anati n'kutaya nthawi, mtsikana wafika kale pokwatiwa. Ababa sanakangane nawo. Anangosoka yunifomu, n'kumanga sutikesi pa njinga, n'kukandisiya okha. Sukuluyo inali yogonera komweko, m'boma lathu lomweli la Chiradzulu.

Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi mkulu ameneyu. Anali wamtali, wa tayi ngakhale m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo, ndipo kulikonse ankayenda ndi kope lachikuto chofiira. M'kopemo munali zonse zimene anakopera ali ku koleji m'nthawi ya atsamunda: mafunso, njira zake, mayankho. Buku lina lililonse ankaliona ngati mdani. Kachongedwe kake ka mayeso tonse tinkakadziwa. Kope kumanzere, mapepala athu kumanja, chala pa nambala ya m'kope. Ikafanana ndi yako, wakhoza. Ikasiyana, mtanda. Zapakati sankawerenga n'komwe. Anyamata ena ochenjera ankaloweza mayankho okha, pakati n'kulembapo zamutu, ndipo ankakhoza bwinobwino.

Ndili Fomu 3 anandipatsa kiyi wa kabati ya mabuku ya m'kachipinda kena, imene tinkaitcha laibulale. Munali bokosi la mabuku atsopano amene anthu akunja anapereka, ambiri osatsegulidwa chifikireni. Ine ndi chidwi changa ndinayamba kuwafukula. M'buku lina lalikulu ndinapeza mutu wa maginito, ndipo kumapeto kwake kunali nkhani imene inandidya mutu sabata yonse.

Bukulo linkati m'kadontho ka madzi muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe timachita ngati tisingano ta kampasi. Ukaika madziwo pakati pa maginito amphamvu, n'kuwaombera mafunde onga a wailesi, tinthuto timayankha. Koma timayankha pokhapokha ukatchera pamalo pake penipeni, monga timachitira posaka siteshoni. Ndipo potcherapo pamayendera mphamvu ya maginito: maginito akakula mphamvu, potchera pamakweranso. Ukalakwitsa muyeso wa maginito, ungatchere mpaka mawa, madzi ako angokhala duu. Linkatinso ndi njira imeneyi akatswiri amadziwa zimene zili m'kati mwa chinthu osachiphwanya. Ha! Ine kuwerenga zimenezo tulo tinandithawa. Ndinadziuza kuti zivute zitani, ndidzagwira makina otere ndi manja angawa.

Tsamba lotsatira linali ndi mizere iwiri yoyerekeza miyeso. Kumanzere kunali miyeso yakale, yoyambira pa sentimita, galamu ndi sekondi, ndipo mphamvu ya maginito ankaiwerenga m'magausi. Kumanja kunali yatsopano, yoyambira pa mita, kilogalamu ndi sekondi, ndipo mphamvu yomweyo ankaiwerenga m'matesila. Pansi pake analemba kuti tesila imodzi ndi magausi teni sauzande. Ndinaseka ndekha m'kachipinda kaja. Imeneyi inali tepi ya ababa basi, chinthu chimodzi mbali ziwiri. Bukulo linanenetsanso kuti masukulu ndi mayeso akusamukira ku mbali yatsopanoyo.

Labu yathu inali yaing'ono, choncho pomaliza Fomu 3 kunkakhala mayeso osefa. Okhoza bwino ankapitiriza fizikisi ndi kemisitiri mpaka Fomu 4. Otsala, anyamata ankapita ku zaulimi, atsikana ku zosoka ndi zophika. Ukagwa pa sefa ameneyo, khomo la sayansi latsekeka, ndipo za makina anga aja zathera pomwepo. Atsikana amene tinkalimbirana malowo tinalipo atatu okha.

Funso lomaliza, lomwe linali ndi malikisi ambiri kuposa onse, linali la waya wodutsa magetsi woikidwa pakati pa maginito. Anatipatsa kutalika kwa waya, kuchuluka kwa magetsi ndi mphamvu imene ikukankha wayayo, n'kuti tipeze mphamvu ya maginito. Mtima wanga unangoti myaa. Ndinasandutsa zonse kupita ku miyeso yatsopano, mzere ndi mzere, mwaukhondo, ndipo pansi ndinalemba 0.5, n'kuwonjezera dzina lake, tesila, n'kulemba mzere kunsi kwake kawiri. Ndinatuluka ndikuyenda ngati mwini sukulu.

Mapepala atabwera Lachiwiri la sabata yotsekera, pa funso limenelo panali mtanda waukulu wofiira, wochita kuboola pepala. Mnzanga wokhala naye desiki analemba 5000 yokhayokha, yopanda dzina, ndipo anapata malikisi onse. Ine ndinaperewera pang'ono kuti ndilowe m'gulu la labu. Funso limodzi lomwelo likanandilowetsa ndi kutsalako.

Ndinathamangira ku kabati, n'kutenga buku lija, n'kubwerera m'kalasi iye asanatuluke. Ndinagwada monga mwa mwambo, n'kutsegula pa tsamba la mizere iwiri.

"Pepani sala, yankho langa ndi lanu ndi limodzi. Theka la tesila ndi magausi faifi sauzande. Taonani apa."

Sanayang'ane pa tsambalo. Anandiyang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga zotha zidendene. Ankaphunzitsa m'Chingerezi, koma akafuna kunyoza ankabwerera ku Chinyanja kuti aliyense amve kukoma.

"Anyamata, tamvani kuno. Ife tapeza faifi sauzande. Mayi awa apeza theka. Akuti theka ndi faifi sauzande n'chimodzimodzi. Ukapita kumsika ndi theka la dzira, ukabwerako ndi nkhuku faifi sauzande!"

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali, ena mpaka kumenya madesiki.

"Sala, nambala yanuyo ili m'magausi, yanga ili..."

"Khala chete! Iwe wabadwa dzulo ukufuna kukonza kope limene linalembedwa amayi ako asanathe msinkhu? Ndani anakuloleza kutulutsa bukuli mu kabati?"

Analanda bukulo, analanda kiyi, ndipo anandigwaditsa panja pa miyala mpaka belu la nkhomaliro. Potuluka anaima pamutu panga n'kunena mokweza kuti, "Mwana wa telala, kosoka n'kwanu. Tikukubwezera kumene unachokera."

Zimenezo zokha ndikanatha kuzimeza. Ana asukulu a nthawi imeneyo tinkameza zambiri. Chimene sindinameze ndi cha Lachisanu.

Lachisanu linali tsiku lotsekera, ndipo ababa anabwera ndi njinga kudzanditenga. Anadzuka m'mamawa kuti tikafike kwathu nthawi ya mapemphero a kumzikiti isanakwane. Anandipeza maso ali otupa. Nditawafotokozera, anandifunsa funso limodzi lokha.

"Dzina la nambala yako unalemba?"

"Ndinalemba, ababa."

"Nanga iwo, yawo ili ndi dzina?"

"Ilibe."

"Ndiye palibe mlandu apa. Aphunzitsi sanaonetsetse chabe. Tiye."

Tinamupeza ataima pakhonde la ofesi, makolo ndi ana ali piringupiringu kudikira malipoti. Ababa anatsamiritsa njinga, anawerama pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kupereka moni. Kenako anatulutsa tepi m'thumba la malaya. Sankapita kulikonse osaitenga.

"Aphunzitsi, mundikhululukire, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma mwanayu akuti nambala yake ndi yanu ndi imodzi, kungoti wina wawerenga mbali iyi ya tepi, wina mbali iyo. Ifenso kuntchito kwathu zimatichitikira. Sitingayang'aneko limodzi?"

Mkulu uja anaitenga tepiyo ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe wakufa, n'kuikweza m'mwamba kuti anthu aione.

"Madala, sayansi si thalauzi. Inu dziwani za m'chiuno ndi m'miyendo, izi zisiyireni ife amene tinaphunzira. Mwana wanu ndi wamwano, ndipo tsopano ndaona kumene anautenga."

Atatero anangotsegula zala, tepi n'kugwera m'fumbi. Ndiye ababa anga, munthu wa imvi, amene pa Namitambo achinyamata ankawapatsa njira, anawerama pamaso pa ana asukulu n'kuitola. Anaikuntha pa bondo, anaipinda bwinobwino, anaibwezera m'thumba, n'kunena kuti, "Zikomo aphunzitsi, pepani takutayitsani nthawi." Thalauzi limene galu ameneyo anavala tsikulo anasoka ndi ababa omwewo. Ndinalizindikira ndi kasokedwe ka matumba.

Panjira sitinakwere njinga. Ababa ankaikankha, sutikesi ili pakaliyala, ine pambuyo. Tinayenda mtunda wautali. Titatsikira pa kamtsinje kena anaima, osanditembenukira, n'kunena motsitsa.

"Mwina aphunzitsi akudziwa zimene ife sitikudziwa, amayi. Mwina za masukulu sizili ngati za tepi."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa miyala ndinagwadira ija. Ndinalumbira mumtima pomwepo kuti pakamwa pomwe panalavulira ababa padzanena kuti ababa analondola, ndipo padzanena anthu akumva. Kuyambira tsiku limenelo mwambi wawo wa nambala yopanda dzina sindinaumvenso. Munthu akabwera ndi kapepala kosamveka, ankangofunsa mwachidule n'kudula nsalu.

Fomu 4 ndinaithera ku zosoka. Mphunzitsi wake ankandiyamikira kuti ndili ndi dzanja, ine n'kumangomva ngati akunditukwana. Nditamaliza ndinapita kukaphunzira uphunzitsi wa pulayimale, ndinaphunzitsa cha ku Mauwa, ndinakwatiwa, ndinabereka. Koma fizikisi sindinaisiye. Ndinkaitanitsa maphunziro a pa kalata, n'kumawerenga mwana ali kumsana, mpaka ndinalemba mayeso a fizikisi ngati munthu wapadera ndi kukhoza. Kenako ndinapeza mwayi wa dipuloma, n'kukhala mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Anthu ankati ndine wakhama. Sanadziwe kuti chinkandidzutsa ndi mkwiyo.

Ababa ndinawaonetsa mabuku angapo, ndinawawerengera, ndinawajambulira mizere iwiri ija papepala. Ankangoti, "Eya amayi, ndamva, wachita bwino." Koma ndinkaona kuti akungondisangalatsa. Mawu a mwana wako sachotsa malovu amene wakulavulira munthu wina. Tsiku lina ndinamva pa wailesi kuti kumaiko akunja apanga makina oona m'kati mwa thupi la munthu pogwiritsa ntchito maginito ndi mafunde, zomwe zija ndinawerenga m'kachipinda ka mabuku. Ndinali ndi ana atatu, msinkhu wopita kukaphunzira zotere utadutsa. Ndinaitseka wailesiyo mwamphamvu mpaka kabatani kanathyoka.

Akuluakulu amati mlandu suola. Chakumapeto kwa zaka za m'ma eyite, dziko litasiya kale mayadi ndi mapaundi, zinaoneka kuti aphunzitsi ambiri akusakanizabe miyeso. Anakonza maphunziro a sabata imodzi pa tchuthi, a aphunzitsi a m'boma lathu, ndipo wotsogolera anasankha ine. Atandipatsa mndandanda wa obwera, ndinatsika ndi chala, ndipo cha pakati ndinapeza dzina la mkulu uja. Ndinakhala pansi. Amuna anga anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro, poti akuti nkhope yanga inasintha. Ndinawauza kuti ayi, ndalandira uthenga wa ukwati.

Tinakumana m'holo ya sukulu ina pafupi ndi boma, aphunzitsi odzaza mabenchi, a ku Ndunde, a ku Mauwa, a kwathu ku Namitambo. Iye anakhala kutsogolo. Tsitsi linali litayera, msana utapindika pang'ono, koma tayi ali pomwepo, ndipo kope lofiira lili pa desiki, tsopano lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Sanandizindikire. Ndinali nditanenepa, ndavala magalasi, dzina ndi la amuna anga. Anandipatsa moni wa ulemu, "Madamu, mwadzuka bwanji," ine n'kuyankha mokoma ngati uchi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku awiri oyamba tinachita za mamita, malita ndi makilogalamu. Ndinkamuyamikira akayankha bwino, kuti azolowere kutukula mkono. Lachitatu m'mawa ndinati tione miyeso ya magetsi ndi maginito, ndipo ndinalemba pa bolodi funso la waya lija, liwu ndi liwu, nambala ndi nambala. Ndinali ndisanaiwale ngakhale kachizindikiro kamodzi.

"Pakati pathu pali akuluakulu amene ayamba kuphunzitsa zimenezi ena tisanavale nsapato. Aphunzitsi, tithandizeni."

Anamasula mphira, anatsegula kope osafufuza n'komwe, analisiya chotsegula pa desiki, n'kupita ku bolodi. Analemba mizere itatu mothamanga, n'kumaliza ndi 5000 yaikulu. Anapukuta choko m'manja akumwetulira.

"Faifi sauzande chiyani, aphunzitsi?"

"Pepani madamu?"

"Ndikuti faifi sauzande chiyani? Mbuzi? Matumba a nandolo? Kapena ndi nkhuku zija munthu amabwera nazo akapita kumsika ndi theka la dzira?"

Holo inaphulika ndi kuseka. Iwo ankaseka nkhuku, osadziwa kumene zachokera. Iye yekha sanaseke. Anandiyang'anitsitsa, pakamwa pali pululu, ndipo ndinaona m'maso mwake nthawi imene anandizindikira. Ndinadikira mphindi imeneyo zaka zonsezo, ndipo ndisaname, inakoma.

Koma anachita chimene sindinayembekezere. Anatembenukira ku bolodi n'kulemba gausi pambali pa nambala yake. Kenako pansi pake analemba 0.5 tesila. Sanawerengere, sanaganize, anangolemba ngati chinthu chimene wakhala nacho kalekale. Ine ndinakonzekera kuphunzitsa mbuli, tsono mbuliyo yadziwa liti?

Ndinayandikira desiki yake n'kunyamula kope lija. Tsamba linali lachikasu, inki yakuda itazilala. Pambali pa 5000, m'mphepete, panali timalemba ting'onoting'ono ta inki yofiira imene ankachongera mayeso athu. Panalembedwa 0.5 tesila, nambala ya tsamba la buku lija anandilanda, ndi mawu akuti mwana wa telala. Pansi pake panali deti, poti munthuyu chilichonse ankachiika deti. Linali Lachitatu la sabata yotsekera ija. Ababa anabwera Lachisanu.

Ndinauza anthu kuti apume kaye akamwe tiyi. Mawu anga anatuluka bwinobwino, ine ndemwe ndinadabwa. Onse atatuluka tinatsala awiri, kope lili m'manja mwanga.

"Munaliwerenga buku lija."

"Ndinaliwerenga."

"Mawa lake lomwe."

Anagwedeza mutu.

"Ndiye pamene bambo anga ankawerama kutola tepi m'fumbi, inu munkadziwa kuti akunena zoona?"

Anangoyang'ana nsapato zake. Ndinabwereza funsolo mokweza mpaka mawu anamveka m'malata.

"Mwanangu, nthawi zija zinali zina. Mndandanda ndinali nditapereka kale kwa ahedi. Ndikanaima bwanji pamaso pa anyamata aja n'kunena kuti mtsikana wandikonza? Akanandimveranso ndani?"

"Ine si mwana wanu. Ndine mwana wa telala, munalemba nokha apa."

"Ndikupepesa, madamu. Chinthu chimenechi chakhala chikundivuta."

"Chakhala chikukuvutani! Koma nsima mumadya, tulo mumagona, ana anu munawaphunzitsa mpaka ku yunivesite. Kupepesa kwanu ine sindikufuna, ndilibe poika. Mverani. Anthu aja akabwerako ku tiyi, ndikhoza kuwawerengera tsamba ili lonse, ndi deti lomwe, kuti akasimbe m'masukulu onse a boma lino kuti munatseka mwana khomo mukudziwa. Apo ayi, tsiku la msika likubwerali mubwere pa Namitambo, pakhonde pamene pamakhala bambo anga, mudzanene ndi pakamwa panu, mokweza ngati mmene munanenera tsiku lija. Sankhani."

Anapempha kuti alembe kalata. Ndinakana. Anapempha kuti abwere kunyumba madzulo kopanda anthu. Ndinakananso. Kope ndinaliika m'chikwama changa, n'kumuuza kuti akalipeza ku Namitambo.

Musaganize kuti ndinachita zimenezi mwakachetechete. Dzulo lake la tsiku la msikalo ndinazungulira ndekha kuuza mwini sitolo, azimayi ogulitsa tomato, akuluakulu a kumzikiti, ndi amalume omwe aja ankati sukulu n'kutaya nthawi, kuti mawa cha m'ma teni asakhale patali ndi khonde. Ababa okha sindinawauze.

Nthawi imeneyo maso awo anali atachita ng'ala. Zovala zatsopano sankasokanso, ankangoika zigamba, amayi anga ondibereka n'kumawalowetsera ulusi pa singano. Koma pakhonde sankajomba, tepi ili m'khosi, manambala ake atafufutika.

Mkulu uja anafika pa njinga, tayi ali pakhosi, thukuta lili kamukamu. Ataona khamu la anthu anafuna kubwerera, koma anakumana ndi maso anga. Anatsamiritsa njinga pamene ababa ankatsamiritsa yawo. Ababa atamva kuti kwabwera aphunzitsi, anadzuka msangamsanga n'kuwapatsa mpando wawo womwe, iwo n'kukhala pa bokosi la zigamba. Zinandiwawa, koma ndinaugwira mtima.

Mkulu uja anayamba monong'ona. Ndinati, "Kwezani mawu, bambo anga makutu anayamba kuvuta." Linali bodza, ababa ankamva ngakhale singano ikagwa.

Ndiye ananena, msika wonse ukumva. Anati iye ndiye mphunzitsi uja anataya tepi pansi. Anati mwana wanu analondola, inunso munalondola, nambala ziwiri zija zinali chinthu chimodzi ngati mainchi ndi masentimita. Anaima pamenepo ngati wamaliza. Ndinatulutsa kope m'chikwama n'kuligwira poonekera. Pamenepo anawonjezera kuti pamene ankanyoza ababa anali akudziwa kale zimenezi.

Azimayi ena anati, "Aaa, koma abale!" Amalume anayang'ana kumbali. Zala za ababa zinkayenda pa tepi, uku ndi uku. Ndinaopa kuti anena kuti palibe kanthu, zinapita, monga mwa mtima wawo. Akanatero ndikanalira ndi ukali.

"Aphunzitsi," anatero potsiriza, "papita zaka zingati?"

"Khumi ndi zinayi, bambo."

"Zaka ndi mbali imodzi ya tepi. Tatembenuzani. M'masiku ndi angati?"

Mkulu uja anayang'ana m'mwamba, milomo ikugwedera, akuwerengera. Mphunzitsi ndi mphunzitsi, funso la masamu sakanatha kulisiya.

"Faifi sauzande ndi kanthu."

"Eya. Faifi sauzande masiku. Ine ndakhala ndikudzuka m'mawa uliwonse ndikuganiza kuti ndinamuphunzitsa mwana wanga zopusa, n'kumutayitsa sukulu. Tsopano nambala yanu ija yapeza dzina. Pitani nayo."

Ababa anatembenukira kwa amayi anga n'kupempha kuti awalowetsere ulusi wakuda. Makina anayamba kulira. Mkulu uja anakhalabe pampando kanthawi, osadziwa kuti adzuke kapena ayi, mpaka ndinamuponyera kope lake pamiyendo. Linatsetsereka n'kugwera pansi, ndipo sindinachite dala, koma sindinamutolerenso. Anawerama yekha, anthu akuona.

Dzuwa linali litakwera, ndipo munthuyo anali atapalasa mtunda wautali. Amayi anandinong'oneza kuti ndimutungire madzi akumwa, mlendo ndi mlendo. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawakanirepo amayi chinthu. Tsiku limenelo ndinakhala pansi pafupi ndi ababa, n'kuwagwirira nsalu kuti isakwinyike, mpaka njinga ija inakhota pa ngodya ya msika.